Kuonerera osula zitsulo kumalo a mbiri yakale: zimene timaonazo ndi zamakolodi?

Pa Facebook ndi pa TikTok pamayenda timavidiyo tina takunja, mzungu ali m'kanyumba kakuda bii ndi mwaye, wavala chikopa pamimba, akumenya chitsulo chofiira psuu, ndiye anthu aima kuseri kwa chingwe mafoni ali m'mwamba, ndipo anthuwo achita kulipira pageti kuti adzaone zimenezo basi. Timavidiyo timeneti tikangofika m'magulupu athu a WhatsApp kuno ku Dedza mkangano wake umakhala womwewomwewo. Wina amvekere aaa, izi ndiye zolipirira, si zomwe amachita madala aja pamsika izi? Wina amvekere ayi, ife luso limeneli tinataya kalekale, apamsika aja amangosula zikwanje za masipuling'i a galimoto. Wachitatu amabwera ndi yake yoti chitsulo anatibweretsera ndi azungu, ndiye pamenepo nkhani imathera m'kunyozana.

Chimene ndimaona ine n'choti anthuwa sakukamba chinthu chimodzi. Ntchito ya chitsulo ili pawiri, mbali ina idakalipo ndipo mbali ina inafa, ndiye aliyense amagwira mbali yake n'kumalimbikira pomwepo. Tiyeni tizione bwinobwino, kuti tsiku lina mukadzaima kutsogolo kwa munthu wosula, kaya ndi ku myuziyamu kaya ndi pamsika wa Lizulu, muzidzadziwa chimene mukuona.

Kuyenga ndi kusula si ntchito imodzi

Kuyenga ndi kutulutsa chitsulo m'miyala. Kusula ndi kutenga chitsulo chimene chilipo kale, kuchiwotcha mpaka chifewe, n'kuchimenya ndi nyundo kuti chikhale khasu, nkhwangwa, mpeni kapena mkondo. Zili ngati nkhani ya nsima: pali wolima, kukolola, kukonola ndi kugayitsa, ndiye pali wophika. Munthu amene wangoona mayi akuvundula nsima waonadi ntchito yeniyeni, koma sanaone kumene ufa unachokera. Pa zionetsero zambiri, kuno kapena kunja, chimene amakuonetsani ndi kuphikako. Ufa wake, kunena chitsulocho, unagulidwa wopangidwa kale ku fakitale.

Malo ogwirira ntchito ziwirizi ndi osiyananso. Kuyenga kumachitikira mu ng'anjo, kusula kumachitikira pachipala. Kale m'madera ambiri munthu mmodzi amatha kudziwa zonse ziwiri, koma ng'anjo imayaka mwa apo ndi apo, makamaka m'chilimwe ntchito zakumunda zikatha, pamene chipala chimagwira ntchito nthawi ina iliyonse munthu akabwera ndi khasu lothyoka.

Palinso amisiri ena amene timawasakaniza ndi osula chifukwa onse amapezeka mbali imodzi yamsika ndipo onse ndi aphokoso. Owotcherera amalumikiza zitsulo ndi magetsi kapena gasi, amenewa ndi a mageti ndi mafelemu a mawindo. Okhoma ndowa ndi mbaula amapinda malata osawawotcha n'komwe. Opanga mapoto amasungunula aluminiyamu mpaka akhale ngati madzi n'kuthira m'chikombole cha mchenga. Onsewa ndi aluso, koma wosula ndi amene amamenya chitsulo chili chamoto.

Ng'anjo: mmene mwala umasandukira chitsulo

Apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka, poganiza kuti makolo amasungunula chitsulo n'kumachithira ngati phala. Sizinali choncho. Chitsulo chimasungunuka pa madigiri 1,538, pamene ng'anjo yadothi yoyaka ndi makala imafika cha m'ma 1,200 kapena kupitirira pang'ono. Ndiye chimachitika n'chiyani? Mwala wachitsulo kwenikweni ndi chitsulo chimene chinagwirana ndi okosijeni, chimodzimodzi dzimbiri limene limadya malata, n'chifukwa chake miyala yake imaoneka yofiirira kapena yoderako. Ntchito ya ng'anjo ndi kulanda okosijeni ameneyo. Makala akamayaka mopanikizika amatulutsa mpweya woipa uja umene umapha anthu akagona ndi mbaula m'nyumba yotseka, tonse a kuno kozizira timaudziwa, m'mwezi wa June sipalephera kumveka nkhani yake. Mpweya womwewo ukamadutsa m'miyala yotentha umakoka okosijeni n'kusiya chitsulo. Zimene zimasungunuka ndi zinyalala za m'mwalamo, dothi ndi mchenga, zimenezo zimayenderera pansi n'kuuma zakuda zolemera zokhala ndi timaenje. Chitsulo chenichenicho chimatsala chili chibuma chokhakhala, chosakanikirana ndi makala ndi zinyalala zomwezo, choti munthu wosadziwa atha kuchitaya poyesa kuti zakanika.

Chibuma chimenecho sichinali khasu ayi. Chimafunika kuchiwotchanso n'kuchimenya kambirimbiri kuti zinyalala zifinyike zituluke, chitsulo chigwirane. Pofika pokhala khasu chimakhala chachepa kwambiri, ndipo mukawerengera mitengo imene yapita ku makala, anthu okumba miyala, oumba ng'anjo, oumba timapaipi tadothi tolowetsera mpweya ndi ochezera usiku kuyang'anira moto, mumvetsa chifukwa chake khasu kale linali chuma, logulira zinthu zina ndiponso loperekera msonkho kwa mafumu.

Ng'anjo zinali zamitundu ingapo. Zina zinali zazifupi zopopera ndi mivukuto. Zina, monga zimene zotsalira zake zimapezeka ku Kasungu, ngakhale mkati mwa Kasungu National Park, zinali zazitali kuposa munthu ndipo sizimafuna mvukuto, zimakoka zokha mpweya kudzera m'timapaipi tam'munsi chifukwa mpweya wotentha umathamangira m'mwamba. Miyala ya kumeneko inali yachitsulo chochepa, ndiye amisiri amayenga kawiri, koyamba mu ng'anjo yaikuluyo kenako m'kang'anjo kakang'ono kopopera. Kumapiri a Nyika nako anthu a Chiphoka anali otchuka ndi ntchito yomweyi.

Nanga zinayamba liti? Ofukula zakale anapeza kuti anthu olima, oumba mbiya ndi oyenga chitsulo analipo m'dziko muno zaka zoposa 1,500 zapitazo. Mbiya za nthawi imeneyo za chigawo chapakati ndi kummwera amazitchula dzina la Nkope, malo a ku Mangochi kumene zinafukulidwa, ndipo kumpoto kuli malo a Phopo ku Rumphi. Kuno kwathu, pafupi ndi Mtakataka, kuli Mankhamba, likulu la a Kalonga a ufumu wa Maravi, kumene Dr Yusuf Juwayeyi anafukula n'kupeza zipangizo zachitsulo, zamkuwa, mikanda yagalasi ngakhale timapale ta mbale zochokera ku China. Mpwitikizi wina, Antonio Gamitto, amene anadutsa m'dziko la Amaravi mu 1831 ndi 1832 kuchokera ku Tete kupita kwa Kazembe, analemba za mmene anthuwa amapangira chitsulo. David Livingstone, amene anafika ku nyanja yathu mu 1859, analembanso kuti m'midzi ya Amang'anja ya kumapiri a Shire munali oyenga, owotcha makala ndi osula, ndipo amapanga nkhwangwa, mikondo, mivi, zingano ndi zibangili. Ndiye yoti chitsulo chinabwera ndi azungu ija ilibe mutu, azunguwo anachipeza kuno ndipo analemba okha.

Chipala: chimene mumaona ndi maso

Chipala sichifuna zambiri. Pamafunika moto wamakala, chopopera mpweya, pomenyera, nyundo, chopanira ndi madzi. Kale chopopera chinali mvukuto wa chikopa chambuzi, matumba awiri, mnyamata atakhala pansi akukweza dzanja ili kutsitsa linalo kuti mpweya usaduke, ndipo kukamwa kwake kumalowa m'kapaipi kadothi chifukwa chikopa sichingayandikire moto. Pomenyera panali pamwala wolimba, nyundo yaikulu inalinso mwala. Lero pa zipala zambiri mupeza gudumu lanjinga lolumikizidwa ndi lamba ku kafani, mwana akupukusa ndi dzanja, pomenyera pali chidutswa cha njanji kapena chitsulo cha injini yakufa, ndipo nyundo ndi yam'sitolo.

Mukaima pafupi yang'anani mtundu wa chitsulo, chifukwa wosula alibe choyezera kutentha, amayeza ndi maso. Chikangoyamba kufiira mwakuda ndiye kuti chidakali cholimba. Chikafika pooneka ngati lalanje kapena chikasu, cha m'ma digiri 900 mpaka 1,100, ndi pamene chimamvera nyundo. Chikayera n'kuyamba kuthetheka ndiye kuti chatsala pang'ono kupsa, ngakhale kuti pamenepo m'pamene zitsulo ziwiri zimatha kulumikizana pongozimenya, popanda magetsi. N'chifukwa chake chipala chimakhala pamthunzi kapena m'kashedi kamdima, padzuwa mitundu imeneyi sioneka bwino. Anthu ena amayesa kuti mdimawo ndi wofuna kukometsera chionetsero, ayi, ndi wantchito.

Muonanso kuti samenya nthawi yaitali. Chitsulo chikachoka pamoto chimazizira msanga, ndiye amamenya mofulumira kwa kanthawi kochepa, timakoko takuda tikuthothoka n'kumagwa pansi, kenako n'kubwezeranso pamoto. Ngati ali awiri, wamkulu amagwira chopanira ndi kanyundo kakang'ono, amagogoda pamene akufuna, ndipo wothandiza amatsitsa chinyundo chachikulu pomwepo, osalankhulana, kanyundoko ndi kamene kakulamula. Nthawi yambiri pachipala imathera kudikira moto, ndipo owonerera ambiri amatopa apa n'kuyamba kuona mafoni.

Mbali imene ine imandisangalatsa ndi yomaliza, youmitsa. Nkhwangwa ikatha kusulidwa amaiwotchanso kukamwa kwake n'kuiviika m'madzi kapena mu oyilo wakutha, imvekere tswee, nthunzi ili tolo. Kuzizira mwadzidzidzi kumeneko kumaumitsa chitsulo, koma zimatheka pokhapokha ngati chitsulocho chili ndi kaboni wokwanira, chinthu chakuda chomwe chija chimene chimapanga makala. Apa ndi pamene pagona chinsinsi cha sipuling'i ya galimoto, ili ndi kaboni wabwino, n'chifukwa chake osula amailimbirana pamene chitsulo wamba cha pageti olo muchiviike kakhumi sichigwira mpeni. Koma chikaumanso kwambiri chimasweka ngati botolo, ndiye mmisiri wodziwa amachitenthetsanso pang'ono, akuyang'ana timitundu timene timayenda pachitsulo chopalidwa, kuyambira kotuwira ngati udzu wouma mpaka kabuluu, n'kuchiziziritsa pamene akufuna. Nkhwangwa imene imabenthuka tsiku loyamba kapena kupindika pamtengo wa muwanga, vuto lake nthawi zambiri linachitikira pamenepa.

Kenako pali kuika mpini. Msuka, kumchira kosongoka kuja, amauwotcha n'kuubaya pamutu pa mpini, utsi uli kobo, fungo la mtengo wopserera lili ponseponse, amauzula, kuuwotchanso, kuubayanso mpaka utalowa bwino. Khasu kapena nkhwangwa ya msuka wolowa mumpini ndi kapangidwe kakale ka kuno, kosiyana ndi nkhwangwa zachizungu zimene mpini ndi umene umalowa m'chitsulo. Ndiye olo chitsulo chikhale cha Toyota, kapangidwe kake n'kamakolo.

Kachenjezo pang'ono kwa opita ndi ana: chitsulo chikasiya kufiira sikuti chazizira, chimatha kukhala chakuda koma chili pa madigiri mazanamazana. Chilichonse chili pansi pachipala musatole.

Chifukwa chake ng'anjo zinazima

Palibe tsiku limodzi limene kuyenga kunatha, kunangozilala. Zaka za m'ma 1800 zinali zankhondo, malonda a akapolo, kubwera kwa Angoni a Maseko amene anadzakhazikika dera la Ntcheu, Dedza ndi tsidya la Mozambique, anthu kuthawira m'mapiri, zonsezi zinasokoneza ntchito imene imafuna anthu ambiri ndi mtendere wa masabata angapo. Koma chimene chinamaliza ndi malonda. Kampani ya African Lakes, ija timaidziwa kuti Mandala, inayamba mu 1878, pambuyo pake masitolo a amwenye anafalikira m'maboma ndi m'matauni ang'onoang'ono, makasu akufakitale anayamba kupezeka motchipa. Njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima mu 1935, kudutsa kumunsi kwa Ntcheu ndi Dedza, cha ku Sharpevale, Golomoti ndi Mtakataka, magalimoto anachuluka, zitsulo zakutha zinayamba kupezeka paliponse. Amuna ambirinso anali atapita ku Joni ndi ku Salisbury, Harare wa lero, kukagwira ntchito. Munthu sangawotche mitengo yambirimbiri ndi kuchezera usiku kufuna chibuma chimodzi pamene sipuling'i yabwino kuposa chibumacho ili pa galaja. Pofika cha m'ma 1930 ng'anjo za m'Malawi zinali zitazima.

Chipala chokha ndi chimene chinapulumuka, ndipo tinganene kuti chinapeza mpumulo, chifukwa ufa unayamba kubwera wogayagaya. Ndiye amene amati luso tinataya akunena zoona pa nkhani ya ng'anjo, ndipo amene amati madala apamsika akuchita zomwezo akunenanso zoona pa nkhani ya chipala.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 akatswiri awiri, Nikolaas van der Merwe ndi Donald Avery, anagwira ntchito ndi akuluakulu a kwa Chulu ku Kasungu komanso a ku Phoka kuti ayatsenso ng'anjo, ndipo David Killick anafufuzanso mozama za ng'anjo za ku Kasungu. Anthu amene amawadalira anali okalamba amene anaona ntchitoyi ali anyamata. Werengerani nokha, munthu amene anali ndi zaka 15 mu 1930 bwenzi lero ali ndi zaka zoposa 105. Ndiye aliyense amene angayatse ng'anjo lero akhala akutsatira zolembedwa, zithunzi ndi zimene anamva, osati zimene anaphunzira kwa bambo ake ng'anjo ikuyaka.

Malo a mbiri ndi chionetsero

Maganizo oika amisiri amoyo pamalo a mbiri yakale anayambira ku Ulaya. Mu 1891 Artur Hazelius anatsegula Skansen ku Stockholm m'dziko la Sweden, kumene anasonkhanitsa nyumba zakale zakumidzi n'kuikamo anthu ogwira ntchito zamanja, poona kuti mafakitale akumeza moyo wakale. Ku America kuli Colonial Williamsburg ku Virginia, tauni imene anaikonzanso kuti izioneka ngati m'zaka za m'ma 1700, ndipo osula ake amagwira ntchito alendo akuonerera. Ku England kuli Ironbridge, kumene Abraham Darby mu 1709 anayamba kuyenga chitsulo ndi malasha okonzedwa m'malo mwa makala amitengo, ndipo mlatho wachitsulo wa kumeneko unamangidwa mu 1779. Chodabwitsa n'choti njira yopangira chitsulo chambiri motchipa imene inakulira kumalo ngati amenewo ndi yomwe inadzazimitsa ng'anjo zathu, komanso inapha ntchito ya osula a m'midzi ya kwawo komweko. Azungu amalipira kuonerera chifukwa kwawo wosula anasowa m'moyo wa tsiku ndi tsiku. Ife sitilipira chifukwa tikamafuna chikwanje timangopita kukagula kwa iye.

Pa zionetsero zoterezi kawirikawiri amasula tinthu tating'ono, msomali, kambedza kokolekera zovala, katsamba kokongoletsera, chifukwa mlendo sangadikire khasu lathunthu. Si chinyengo, koma ndi bwino kudziwa kuti chionetsero chimasankha zofulumira ndi zokoma m'maso.

UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, imasiyanitsa zinthu ziwiri. Pali pangano la 1972 loteteza malo, zinthu zoti ungaziloze ndi chala, ndipo pali la 2003 loteteza luso ndi miyambo, zimene zimakhala m'mutu ndi m'manja mwa anthu. Chongoni, kuno ku Dedza, inalowa m'gulu loyamba mu 2006, ili ndi malo 127 a zojambula pamiyala, ena odziwika ndi Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Zofiira zinajambulidwa ndi Akafula, alenje amene analipo kale, ndipo zoyera ndi za alimi Achewa, zokhudza chinamwali ndi nyau, ndiye kuti anthu a makasu achitsulo aja. Gule Wamkulu ali m'gulu lachiwiri, anamulengeza mu 2005 n'kumulemba m'kaundula mu 2008, ndipo nsima inalowa mu 2017. Pa nkhani ya chitsulo chitsanzo chili ku Burkina Faso, kumene malo a ng'anjo zakale analowa m'kaundula wa malo mu 2019, ndipo akale kwambiri mwa iwo, a ku Douroula, ndi a zaka pafupifupi 800 Yesu asanabadwe.

Vuto la chitsulo n'loti chimagwera mbali zonse ziwiri. Ng'anjo yakugwa ndi mulu wa zinyalala zake ndi malo, amatetezedwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act, simuyenera kukumba kapena kunyamula. Koma luso la wosula silingatchingidwe ndi mpanda, limakhalapo ngati munthuyo akugwira ntchito ndipo wina akuphunzira. Ku Chongoni anthu amapitira zojambula, ku Mua, kumene kuli mishoni ya 1902 ndi malo a zachikhalidwe a Kungoni amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, amapitira zigoba za gule za mu Chamare Museum ndi zosemasema. Koma taganizani, wosema aliyense amagwira sompho, kasemasema ndi mpeni, ndipo mkondo umene Mngoni amanyamula pa Umhlangano ku Nkolimbo ku Ntcheu unadutsa pamoto wa munthu wina. Wosula amakhala kuseri kwa zinthu zambiri zimene timazitcha chikhalidwe, kungoti sitimuona.

Miyambo imene chionetsero sichingaonetse

Kuyenga sikunali nkhani ya moto ndi miyala yokha. M'madera ambiri a kuno ndi maiko oyandikana nafe ng'anjo amaiona ngati mayi woyembekezera, chitsulo ngati mwana. Amaimanga kutali ndi mudzi, amuna ogwira ntchitoyo amadika, osagona ndi akazi awo mpaka ntchito ithe, akazi a msinkhu wobereka samayandikira, ndipo pamakhala mankhwala amene mwini ng'anjo amawadziwa yekha, ena okwirira pansi pake. Kwa Mchewa izi si zachilendo, ndi nkhani yomwe ija ya kutentha ndi kuzizira, ya mdulo, imene timaidziwa pa mwana wakhanda, pa maliro ndi pa chinamwali. Ng'anjo ikakanika funso loyamba limakhala loti walakwa ndani.

Anthu amaziona mosiyana. Ena amati miyamboyi inali njira yosungira chinsinsi cha ntchito m'banja limodzi ndi kusunga mwambo pagulu la amuna amene akugwira ntchito yoopsa. Ena amati kwa eni akewo mankhwala ndi makala zinali ntchito imodzi, sungachotse china n'kunena kuti wasunga luso. Chipala chinalibe malamulo okhwima choncho, chimakhala m'mudzi, anthu amakhala pomwepo kumacheza podikira makasu awo, n'chifukwa chakenso ndi chosavuta kuchionetsa kwa alendo.

Mukapezeka pa chionetsero kapena pachipala chapamsika, mafunso abwino ndi osavuta. Mupereke moni kaye, osangofikira kujambula, kenako mufunse mwaulemu, "Pepani bambo, chitsulo chimenechi chinali chiyani poyamba?" kapena "Ntchitoyi anakuphunzitsani ndani, bambo anu kapena atsibweni?" Yankho la funso lachiwirili limakuuzani zambiri za kumene lusoli ladutsa kuposa chikwangwani chilichonse. Ndipo ngati mwamuimitsa ntchito ndi mafunso ndi zithunzi, kugula kampeni si kulakwa.

Zimene sizinagwirizanikebe

Funso loyamba ndi la mawu oti zamakolo. Ngati wosula akupopa ndi gudumu lanjinga n'kumamenyera panjanji, ena amati zimenezo si zamakolonso, pa chionetsero avale nyanda, atenge mvukuto wachikopa ndi mwala. Ena amati kumuvula munthu zipangizo zimene amagwiritsa ntchito tsiku lililonse n'kumuveka zakale ndi kumusandutsa sewero, ndipo makolo omwewo akanapeza gudumu sakanalikana. Nanga tiimike wotchi pa chaka chiti, nthawi ya Kalonga, ya Gomani, kapena ya agogo athu a m'ma 1960?

Lachiwiri ndi la makala. Chipala chimadya makala ochepa, koma ng'anjo imadya ochuluka zedi, ndipo amafunika a mitengo yolimba yachilengedwe. Lamulo la zankhalango, limene analikhwimitsa mu 2020, silimalola kuwotcha makala popanda chiphaso, ndipo Chongoni yomweyo ndi nkhalango yotetezedwa, tonse tikuona mmene mapiri a Dedza ayerera. Kodi kuyatsa ng'anjo kamodzi pachaka kuti ana asukulu aone n'koyenera mitengo imeneyo, kapena makala a bulugamu ndi nsungwi zobzala angakwanitse kutentha kofunikako?

Pali nkhani ya miyambo ija. Ng'anjo ikayatsidwa pamaso pa gulu, amayi ndi atsikana asukulu ayandikire kapena ayi? Mukawaletsa mwasala theka la anthu pamalo a boma, mukawalola ena anena kuti chimene mwaonetsacho si chenicheni. Ndipo mankhwala amene anali chinsinsi cha banja, ndani ali ndi ufulu wowaulula pa vidiyo?

Kenako ndalama. Alendo akalipira pageti, wosula alandire malipiro apamwezi, gawo la zapageti, kapena azidalira zimene wagulitsa? Ngati alendo akukonda timikondo tokongoletsera m'nyumba kuposa makasu, patapita zaka iye adzakhalabe wodziwa kusula khasu lolimira, kapena adzasanduka wopanga zidole? Palinso nkhani ya kumene zitsulo zakutha zimachokera, poti kuba zitsulo za njanji, za milatho ndi za magetsi ndi mlandu umene umamveka kawirikawiri, ndipo malo a boma sangaonetse ntchito popanda kudziwa gwero la chitsulo chake.

Akatswiri nawonso ali ndi mkangano wawo umene sunathe, woti kodi anthu a kumwera kwa Sahara anatulukira okha kuyenga chitsulo kapena luso linachokera kumpoto kudzera ku Carthage, mzinda wakale wa ku Tunisia, kapena m'chigwa cha Nile, ndipo zaka zimene zimapezeka pa malo ena a ku West Africa ndi Central Africa amakanganirana mpaka lero. Kuno kwathu funso lapafupi ndi la milu ya zinyalala za ng'anjo imene alimi amakumana nayo m'minda n'kumaiunjika m'malire ngati miyala wamba: ndani ayenera kuilemba, a dipatimenti yoona za myuziyamu ndi zipilala, mafumu, kapena masukulu a m'deralo, ndipo mwini munda akanena kuti m'munda mwake muli zimenezi, mundawo ukhalabe wake kulima monga kale?